Dzanja la Zulekha Linatsala M'malere

Mutu Wachinayi

1. Bokosi la Mayi Annette

Pasukulu ya sekondale yoyendera imene Zulekha ankaphunzirapo ku Kawale, buku latsopano silinkaoneka wambawamba. Amene analipo anali othothoka masamba, ena odyedwa ndi chiswe m'mbali. Ndiye tsiku limene Mayi Annette, mphunzitsi wa Chingerezi, analowa m'kalasi la Fomu 3 atasenza bokosi pamutu ngati akuchokera kumsika, ana onse anafa nalo phwete.

Mayi amenewa ine ndimawavulira chipewa. Teremu yonse anayenda m'maofesi, m'matchalitchi ndi m'mizikiti kupempha anthu akufuna kwabwino, mpaka nsapato zinatha zidendene. Zimene anapeza ndi zimene zinali m'bokosimo.

Atatsegula, phokoso lonse linati zii. Munali mabuku a mbiri za anthu amene anachita zazikulu, a mbiri ya mayiko, a zamalonda, a miyambo ya mitundu yosiyanasiyana, ndi ena ophunzitsa munthu kudzidalira. Onse anali kununkhira utsopano.

"Madamu, kodi zimenezi zimabwera pa mayeso?" anafunsa mnyamata wina wa kumbuyo.

"Sizibwera," anayankha Mayi Annette. "Amene akufuna za mayeso zokha, khomo ndi ilo. Otsalanu, aliyense azitenga buku limodzi kupita nalo kunyumba, ndipo pobweza azitiuza zimene wawerenga."

Zulekha anali mtsikana wanzeru koma wamanyazi zedi. Poyankha funso, mawu ake ankathera pachifuwa, ndipo aphunzitsi anatopa nako kumuuza kuti akweze mawu. Nchifukwa chake anasankha buku lachikuto chofiira lophunzitsa kulimba mtima, lolembedwa m'Chingerezi ndi bambo wina wa kutsidya kwa nyanja.

Analikonda bukulo koopsa. Ankawerenga poyenda, ankawerenga podikira madzi pampopi. Malo ena analoweza ngati ndakatulo, makamaka pamene panati munthu akakumana ndi wamkulu aime chilili, amuyang'ane m'maso, ndipo ayambe ndi iye kupereka dzanja.

2. Moni wa m'buku

Bambo ake a Zulekha, Che Ayman, anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la nyumba, moyang'ana msewu wopita kumsika. Kusoka ankatha, palibe wotsutsa, koma nsalu za anthu zinkaunjikana pabenchi mpaka eni ake kutopa nako kuyendera.

Loweruka masana kunabwera a Shehe a pamzikiti wa pafupi kudzaona ngati mkanjo wawo unatha. Anali munthu wachikulire, wofatsa, wolemekezedwa ndi Asilamu ndi Akhristu omwe. Che Ayman anawapatsa mpando, nkuitana mwana wawo kuti abweretse madzi akumwa.

Masiku onse Zulekha ankagwada chapatali, kupereka moni maso ali pansi, nkubwerera m'nyumba. Koma tsiku limeneli buku linali litamukwera kumutu. Anaika kapu patebulo, nkuima njo pamaso pa a Shehe, nkuwayang'ana m'maso muli gwa.

"Ine ndine Zulekha Ayman," anatero mokweza, dzanja atatambasula. "Ndasangalala kukumana nanu!"

Kalanga ine! Munthu amene anamuona ali wakhanda, amene anamuphunzitsa kumadrasa, lero akuuzidwa dzina. Ndipo pakati pa Asilamu a kumeneko, mtsikana wamkulu sapereka dzanja kwa a Shehe. Iwo anangoika dzanja lawo pachifuwa, nkuwerama pang'ono, nkuyankha motsitsa kuti, "Tikuthokoza, mwanangu."

Dzanja la Zulekha linatsala m'malere. Amayi awiri amene ankadikira zovala zawo pabenchi anagwira pakamwa, wina nkutembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Makina a Che Ayman anaima.

A Shehe atatsanzika, Che Ayman sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko. Anangoti, "Kanditengere chimene chakuphunzitsa zimenezi."

Zulekha anabweretsa buku lija. Bambo ake analitembenuza uku ndi uku, nkulibweza.

"Tamvera, iwe. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8, osati chifukwa ndinali mbuli, koma panalibe wondilipirira. Ndimapalasa makina awa mpaka miyendo kutupa kuti iwe ukhoze mayeso, usadzakhale pakhonde ngati ine. Ndimati ukakhala phee m'chipindamo ndiye kuti ukuwerenga za kusukulu. Kani ukuphunzira mwano? Lero wandivula pamaso pa a Shehe. Mawa msika wonse wa Kawale ukhala ukukamba za mwana wa telala. Lolemba ukabweze bukuli, ndipo ukawauze aphunzitsi akowo kuti watuluka m'gulu lawolo. M'nyumba muno muzilowa mabuku a mayeso okha. Ndatha."

3. Nzeru za Thandie

Madzulo ake Zulekha anapita kwa Thandie, mnzake wa m'kalasi, amene ankakhala kuseri kwa msika. Atamufotokozera, Thandie anaseka mpaka kukhala pansi.

"Aise, iwenso! A Shehe enieni? Koma ndiye unaonjeza." Ataona kuti mnzakeyo akulengeza misozi, anasiya kuseka. "Basi, usalire. Nkhani yaing'ono iyi. Mayi anganso safuna kuona mabuku amenewa, amati amandichedwetsa ntchito. Taona zimene ndikufuna kuchita."

Anatulutsa pepala la khaki, lija ana asukulu amakutira nalo makope. Anakutira buku lake la m'bokosi, la mbiri ya mayi wina woyendetsa ndege, nkulipinda bwinobwino m'makona.

"Tsopano tilembepo kuti Bayoloje. Ndani angatsegule? Makolo akangoona khaki amadziwa kuti ndi za sukulu. Iwe uli ndi dzanja labwino, tandilembera."

Zulekha analemba. Zilembo zake zinali zozungulira, zokongola, zodziwika ndi aliyense amene anaonapo kope lake. Kenako Thandie anakutiranso buku lofiira lija nkumupatsa cholembera.

Apa mpamene dzanja la Zulekha linakana. Anayang'ana khakiyo nthawi yaitali, nkuika cholembera pansi.

"Ndikalembera kunyumba," anatero.

"Shuwa? Usachite mantha, mwana. Zili bho."

4. Mawu a azakhali

Pobwerera anakumana ndi azakhali ake, a Mwanabibi, mlongo wa bambo ake, akuchokera kumsika kumene ankagulitsa nsomba zouma. Nkhani inali itawapeza kale. Ku Kawale nkhani siyenda pansi, imakwera kabaza.

Azakhali anaona buku lakhaki lopanda dzina m'manja mwa mtsikanayo, ndipo sanafunse zambiri. Anatula dengu, nkumukhazika pakhonde la golosale ina yotseka.

"Mwana wa mchimwene wanga, ndikuuze. Ine sindidziwa kuwerenga Chingerezi, koma khaki ndimamudziwa. Ukalemba bodza pachikuto apo, bambo ako sadziwa lero, mwina sadziwa mwezi uno. Koma tsiku limene adzatsegule, sadzakhulupiriranso buku lililonse limene uli nalo, ngakhale la masamu lenileni. Ukadzati ukupita kusukulu, adzakutsata. Ukadzati aphunzitsi atichedwetsa, adzati wanama. Udzakhala ukudya m'mbale imodzi ndi munthu amene sakukhulupirira, ndipo zimenezo zimawawa kuposa kukwapulidwa.

"Chachiwiri, usanamizire buku. Bukulo silinakugwire mkono. Wolembayo analembera anthu a kwawo, kumene mwina mwana amagwira chanza agogo ake ali chiimire. Iwe unayenera kufunsa kuti, kodi izi kwathu kuno zikhala bwanji? Nsomba ndimagulitsa ine ndi yabwino, koma sumeza ndi minga yomwe. Umayamba wachotsa.

"Bambo ako si munthu woipa. Wachita manyazi, basi. Manyazi a munthu wamkulu sachoka ndi kubisa zinthu. Amachoka ukabwerera pomwe unalakwitsa paja nkukakonza anthu akuona."

"Ndiye ndipange bwanji, azakhali? Mabukuwa ndimawafuna. Chiyambireni sindinakondepo chinthu chonchi."

"Ukufuna njira yachidule, khaki uli naye m'manja. Ukufuna njira inayo, mawa m'mawa undipeze kwathu utavala bwino. Koma ine sindikakuyankhulira. Ndikangokuperekeza."

Zulekha anayang'ana buku limene linali m'manja mwake. Kenako anamasula khaki uja pang'onopang'ono, nkumupinda, nkumuika m'dengu la nsomba.

"Mukakutire usipa," anatero.

Azakhali anaseka mpaka chitenje kumasuka.

5. Kwa a Shehe

M'mawa mwake anawapeza a Shehe atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa mzikiti. Zulekha anavula nsapato, nkugwada chapatali.

"Asalamu aleikumu."

"Waleikumu salamu. Lero dzina sutiuza?" anatero a Shehe, maso akuseka.

Zulekha anafuna kulowa pansi. Koma anayankhula, ndipo mawu ake anamveka bwinobwino. "Ndabwera kudzapepesa. Dzulo ndinakuchitirani mwano, ndipo ndinachititsa manyazi bambo anga. Palibe anandituma. Ndinawerenga m'buku, nkuchita osaganiza."

"Buku lake ndi limenelo? Tabweretsa."

Anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, nkuyamba kutsegula masamba mosamala, osanyowetsa chala. Zulekha anadabwa kuona milomo yawo ikuyenda. Kani a Shehe ankawerenga Chingerezi! Pawindo la chipinda chawo pankaoneka mabuku ataunjikidwa, ena achiarabu, ena ogula kwa anyamata oyala mabuku pansi ku Old Town.

Anawerenga tsamba lonse la moni lija, nkugwedeza mutu.

"Munthu uyu ndi wanzeru, koma ku Kawale sanafikeko. Akanafika, akanalemba tsamba lina la ife. Za dzanjazi zisiye. Koma taona apa, akuti munthu asamadye mawu, anene chimene akufuna momveka. Pamenepa sananame. Zaka zonse zija kumadrasa ndinkachita kutchera khutu kuti ndimve zimene ukunena. Lero ndakumva ndili pano, iwe uli apo, ndipo wagwada. Waona kuti zimatheka zonse ziwiri?

"Mwanangu, kuwerenga ndi chinthu chachikulu, ndipo ine sindingaletse mwana kuwerenga. Koma buku lili ngati mlendo. Umamulandira, umamupatsa mpando, umamumvetsera mpaka amalize. Sumupatsa makiyi a nyumba tsiku lomwelo. Uzifunsa kuti walemba ndani, amakhala kuti, ankalembera ndani. Ukawerenga limodzi lokha, lidzakulamulira. Werenga ambiri kuti azitsutsana okhaokha, iwe uzikhala pakati nkumaweruza. M'bokosi la aphunzitsi akowo mulinso a mbiri yakale?"

"Alimo, a Shehe. Ndi a zamalonda, ndi a miyambo."

"Ukadzatenga la mbiri yakale, udzandibwereke usiku umodzi."

Nkhope ya Zulekha inagwa. "Bambo andiletsa. Mwina inuyo mukanakawauza..."

"Ayi," anatero a Shehe. "Ndikapita ine, adzavomera chifukwa cha ndevu zangazi, mtima usakufuna. Za dzulo ndakhululuka, ndipo ndidzawauza tikakumana kumzikiti. Koma za mabuku ukapemphe wekha. Bambo ndi ako."

6. Pakhonde la telala

Anawapeza Che Ayman akupalasa makina, tepi ili m'khosi. Azakhali anakhala pabenchi pambali pa mulu wa nsalu, osanena kanthu monga analonjezera. Zulekha anagwada pafupi ndi makinawo, buku lili pamiyendo.

"Ababa, ndili ndi mawu."

Makina anapitiriza kulira.

"Ndachokera kwa a Shehe. Ndakapepesa, ndipo andikhululukira. Kwa inunso ndikupepesa." Anapuma pang'ono. "Pali china. Dzulo ndinalola mnzanga kukutira bukuli ndi khaki kuti ndilembepo Bayoloje, muziyesa ndi la sukulu. Sindinalembe. Ndinachotsa."

Makina anaima. Che Ayman anayang'ana mlongo wawo, ndipo azakhali anangogwedeza mutu kuvomereza.

"Ndiye ukundiuziranji, poti sindikanadziwa?"

"Chifukwa ndikufuna kupempha, osati kuba. Ababa, ndiloleni ndiziwerenga mabuku amenewa. Za mayeso sindisiya. Mukaona kuti ndatsika m'kalasi, mudzandiletse, sindidzatsutsa. Mukakana lero, mawa ndikabweza, koma mudziwe kuti mtima wanga udzawawa kwambiri."

Anzanga, mtsikana ameneyu ndi yemwe uja mawu ake ankathera pachifuwa. Ine ndimati kulimba mtima ndi kumeneku, osati kuja kwa dzulo lake.

Che Ayman anatenga sizasi, nkudula ulusi umene sunkafunika kudula. Anakonza nsalu imene inali yokonzeka kale.

"Chimene chikundiopsa ine," anatero potsiriza, "nchakuti sindidziwa zimene zimalowa m'mutu mwako. Umatseka chitseko, nkutuluka uli munthu wina. Ngati ukufuna mabuku amenewa, uziwerengera pano, mokweza, nkumandimasulira m'Chichewa ine ndikusoka. Ndikamva zopusa, bukulo libwerera tsiku lomwelo. Yamba pompano ndimve."

Zulekha anatsegula mutu wotsatira, umene anali asanauwerenge. Unali wonena za kusunga mawu. Anawerenga chiganizo chimodzichimodzi nkumamasulira, makina akulira pansipansi.

"Akuti... mmisiri amene amauza munthu kuti bwerani mawa, akudziwa kuti mawa ntchitoyo idzakhala isanathe, amaganiza kuti wamusangalatsa. Koma munthuyo akabwera nkubwerera chimanjamanja, amataya nthawi yake, ndipo tsiku lina sadzabweranso. Akuti kuli bwino kunena tsiku lakutali loona kusiyana ndi lapafupi labodza."

Makina anaima kachiwiri. Zulekha anasiya kuwerenga. Sanasankhe dala tsambalo, koma ndani akanamukhulupirira? Azakhali anayang'ana mulu wa nsalu uja, nkuyang'ana kumwamba, milomo ataluma.

"Wapeka wekha zimenezo?" anafunsa Che Ayman.

"Ayi, Ababa. Zili apa."

Che Ayman anasuzumira patsambapo ngakhale sakanatha kuwerenga zonse. Anakanda kumutu pansi pa chipewa.

"Mzungu ameneyu anandionera kuti?"

Azakhali analephera kupirira, anaphulika nako kuseka. Che Ayman nawonso anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu amene wagwidwa. Anachotsa phazi pa makina, nkutembenuza mpando kuyang'ana mwana wawo.

"Tabwereza pamenepo. Pang'onopang'ono."

Zulekha anabwereza, misozi ikugwera patsamba, iye nkumaipukuta msanga ndi mpango kuti buku la eni lisaonongeke. Za kubweza Lolemba sizinatchulidwenso.

7. Mlendo wa khaki

Asanamalize tsambalo, pachipata panalowa Mayi Elube, mayi ake a Thandie, akuyenda mwamphamvu. Nsalu yawo ya kuukwati inali m'mulu uja kuyambira mwezi watha.

Che Ayman anaimirira. "Mayi, diresi lanu lija mubwere ma..." Anaima, nkuyang'ana Zulekha, nkutsokomola. "Ayi, ndinene zoona. Sindinaliyambe. Mubwere Lachinayi, mudzalipeza."

"Za diresi tikamba tsiku lina," anatero Mayi Elube.

Anapisa m'chikwama nkutulutsa buku lokutidwa ndi khaki, nkuliponya pa makina. Khakiyo anali atang'ambika pakona, ndipo pansi pake pankaoneka chithunzi cha mayi atavala zoyendetsera ndege. Pamwamba panali mawu akuti Bayoloje, m'zilembo zozungulira, zokongola.

"Mwana wanga salemba chonchi," anatero Mayi Elube. "Che Ayman, dzanja ili mukulidziwa?"

Che Ayman ananyamula bukulo, nkuliyang'anitsitsa. Kenako anatembenukira kwa Zulekha, amene anali chigwadire ndi buku lofiira pamiyendo.